Karl Landsteiner, Dotolo Amene Anatulukira Magulu a Magazi

Munthu akadzicheka ndi mpeni, kapena akapunthwa pa chitsa, pabalapo pamatuluka magazi ofiira. Magazi a mwana ndi ofiira, a nkhalamba ndi ofiira. Magazi a Mzungu, a Mmwenye ndi a munthu wakuda, onsewo ndi ofiira. Poyang'ana ndi maso palibe amene angathe kuwasiyanitsa. Chifukwa cha ichi, kwa zaka mazanamazana anthu ankakhulupirira kuti magazi a anthu onse ndi amodzimodzi. Ngakhale madotolo ophunzira kwambiri ankaganiza chomwecho, ndipo maganizo amenewa anaphetsa odwala. Amene anaonetsa kuti magazi a anthu ndi osiyana anali dotolo wina wa ku Austria, dzina lake Karl Landsteiner.

Karl anabadwa pa 14 Juni m'chaka cha 1868, ndipo anakulira mu mzinda wa Vienna, likulu la dziko la Austria, ku Ulaya. Bambo ake, a Leopold Landsteiner, anali mlembi wodziwika wa nyuzipepala. Iwo anamwalira Karl ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha, kotero kuti mwanayo analeredwa ndi mayi ake, a Fanny. Karl ankawakonda kwambiri mayi akewo. Atamwalira, iye anapachika chifanizo cha nkhope yawo pa khoma la chipinda chake, ndipo chinakhala pomwepo mpaka tsiku la imfa yake.

Ali ndi zaka 17, Karl anakalowa sukulu yaukachenjede ya Vienna kukaphunzira udotolo. Anamaliza maphunzirowo m'chaka cha 1891. Anzake ambiri atamaliza ankathamangira kukatsegula zipatala zawozawo kuti ayambe kupeza ndalama. Koma Dotolo Landsteiner sanatero. Iwo ankafuna kudziwa mmene thupi la munthu linapangidwira, ndi zimene zimachitika m'kati mwake munthu akadwala. Motero anayendayenda m'mizinda ya Zurich, Würzburg ndi Munich kukaphunzira kemisitili, ndiwo maphunziro a mmene zinthu zimasinthira zikasakanizidwa. Aphunzitsi awo kumeneko anawazolowetsa kuyesa chinthu mobwerezabwereza asanakhulupirire kuti n'choona.

Atabwerera ku Vienna anayamba ntchito m'labotale, ndicho chipinda choyeseramo magazi ndi zinthu zina za m'thupi. Ntchito yawo ina inali yopima mitembo kuti adziwe chimene chapha munthu. Imeneyi si ntchito yosiririka, koma iwo anaigwira kwa zaka khumi, napima mitembo yoposa 3,000. Pa nthawi yomweyo panali funso limene linkawasowetsa mtendere, ndipo funsolo linali lakalekale.

Kuchokera kale madotolo ankadziwa kuti munthu akataya magazi ambiri amafa. Choncho ankadzifunsa kuti, kodi sikungatheke kutenga magazi kwina ndi kumuthira wodwalayo? M'chaka cha 1667 dotolo wina wa ku Paris, dzina lake Jean-Baptiste Denys, anathira mnyamata wina magazi a nkhosa. Mnyamatayo anapulumuka, makamaka chifukwa magaziwo anali ochepa. Koma pambuyo pake munthu wina amene Denys anamuthira magazi a mwana wa ng'ombe anamwalira, ndipo akuluakulu a dziko la France analetsa mchitidwewo.

Patapita zaka zoposa zana limodzi ndi makumi asanu, dotolo wa ku London, James Blundell, anayesanso. Iye ankathandiza amayi pobereka, ndipo zinkamuwawa mtima kuona amayi akumwalira chifukwa chotaya magazi. Blundell anazindikira kuti munthu ayenera kuthiridwa magazi a munthu mnzake, osati a nyama. Kuyambira m'chaka cha 1818 anathira odwala angapo magazi a anthu. Ena anachira, ena anamwalira.

Apa ndiye panali chozizwitsa. Dotolo ankatha kuthira magazi odwala awiri mofanana ndithu. Woyamba ankatsitsimuka, nkhope n'kuwala. Wachiwiri ankayamba kunjenjemera, thupi kutentha, msana kuwawa, mkodzo n'kuda bii, mwina mpaka kumwalira. Palibe ankadziwa chifukwa chake. Madotolo ambiri anachita mantha, nasiya kuthira anthu magazi. M'malo mwake ankangowathira madzi a mchere m'mitsempha.

Kuti timvetse zimene a Landsteiner anachita, tiyenera kudziwa kuti magazi si madzi ofiira chabe. Muli tinthu ting'onoting'ono tofiira totchedwa maselo, timene timanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nawo m'thupi lonse. Maselowa ndi aang'ono kwambiri, kotero kuti m'kadontho kamodzi ka magazi alimo mamiliyoni. Iwo amayandama m'madzi ooneka achikasu pang'ono. Magazi akasiyidwa m'kabotolo kwa kanthawi, mbali yofiira imaundana, ndipo madzi achikasuwo amalekana nayo.

M'chaka cha 1900 a Landsteiner anaona kuti nthawi zina madzi a m'magazi a munthu mmodzi akasakanizidwa ndi maselo ofiira a munthu wina, maselowo amamatana n'kupanga timibulu, monga mmene ufa umachitira mibulu m'phala losavundula bwino. Madotolo ena anali ataonapo zimenezi, koma ankati chimachititsa ndi matenda. A Landsteiner anakayika. Anaganiza zoyesa magazi a anthu athanzi, osadwala chilichonse.

Sanapite kutali kukafuna anthuwo. Anatenga magazi awo omwe, ndi magazi a anzawo asanu ogwira nawo ntchito m'labotalemo. Magazi a munthu aliyense anawalekanitsa pawiri, madzi paokha, maselo ofiira paokha. Kenaka anayamba kusakaniza. Madzi a m'magazi a munthu woyamba anawasakaniza ndi maselo a anthu onse asanu ndi mmodzi, mmodzimmodzi. Anachita chimodzimodzi ndi madzi a munthu wachiwiri, wachitatu, mpaka womaliza. Chilichonse chimene anaona anachilemba m'kabuku.

Atayang'anitsitsa zolembazo anapeza zinthu ziwiri. Choyamba, madzi a m'magazi a munthu sankamata maselo a mwini wake. Chachiwiri, kumatanako sikunkachitika mwachisawawa. Anthu aja anagawikana m'magulu atatu. Magazi a anthu a gulu limodzi ankagwirizana okhaokha, koma akasakanizidwa ndi a gulu lina, nthawi zambiri ankachita timibulu. Anayesanso magazi a anthu ena, napeza zomwezo. Magulu atatuwo anawatcha A, B ndi C. Gulu la C ndilo limene pambuyo pake linatchedwa O, ndipo a Landsteiner eni ake anali a gulu limeneli. Analemba zonsezi m'nkhani yaifupi imene inasindikizidwa m'chaka cha 1901, iwo ali ndi zaka 33. Chaka chotsatira, madotolo awiri a ku Vienna komweko, Alfred von Decastello ndi Adriano Sturli, anapeza gulu lachinayi, limene lili ndi anthu ochepa. Limeneli ndi gulu la AB.

Kodi chimasiyanitsa maguluwa n'chiyani? Maselo ofiira ali ndi zizindikiro pamwamba pake, monga mmene ana a sukulu amadziwikira ndi yunifolomu. Munthu wa gulu la A maselo ake ali ndi chizindikiro cha A. Wa gulu la B ali ndi chizindikiro cha B. Wa gulu la AB ali nazo zonse ziwiri, pamene wa gulu la O alibe chilichonse mwa ziwirizi. Tsono m'madzi a m'magazi muli tinthu tina timene tingatifanizire ndi asilikali olondera mudzi. Asilikaliwa salimbana ndi chizindikiro cha mwini thupi, koma akaona chizindikiro chachilendo amachigwira. Munthu wa gulu la A ali ndi asilikali olimbana ndi B, ndipo wa gulu la B ali ndi olimbana ndi A. Wa gulu la O ali ndi asilikali a mitundu yonse iwiri. Wa gulu la AB alibe asilikali otere.

Choncho munthu wa gulu la A akathiridwa magazi a gulu la B, asilikali ake amagwira maselo achilendowo n'kuwaphwanya. Zophwanyikazo zimaononga impso, ndipo ndicho chifukwa chake mkodzo wa odwala aja unkada. Odwala amene ankachira m'masiku a Blundell anali amene, mwamwayi chabe, analandira magazi ogwirizana ndi awo. Maselo a gulu la O, popeza alibe chizindikiro cha A kapena cha B, angathe kuperekedwa kwa anthu a magulu onse anayi. Koma munthu wa gulu la O mwini wake angalandire magazi a gulu la O okha basi.

Mwina mungaganize kuti madotolo a dziko lonse anaomba m'manja atamva nkhaniyi. Sizinatero. Kwa zaka zingapo ndi ochepa okha amene analabadira. M'chaka cha 1907 m'pamene dotolo wachinyamata wa ku New York, Reuben Ottenberg, anayamba kuyesa magazi a wopereka ndi a wolandira asanathire wodwala. Panalinso vuto lina. Magazi akatuluka m'thupi amaundana msanga, kotero kuti wopereka ankayenera kugona pafupi ndi wodwala, magazi n'kumachoka m'mkono wa uyu kulowa m'mkono wa uyo. M'zaka za 1914 ndi 1915 madotolo ena a ku Belgium, ku Argentina ndi ku America anapeza mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo posakhalitsa kunatheka kusunga magazi m'mabotolo pamalo ozizira. Iyi inali nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Asilikali ambiri ovulala anapulumuka chifukwa cha magazi oyesedwa gulu lake.

A Landsteiner sanakhale pansi kudikira kuti anthu awatame. Anali atatembenukira kale ku matenda ena. M'chaka cha 1908, pamodzi ndi mnzawo Erwin Popper, anafufuza za poliyo, matenda amene amapuwalitsa miyendo ya ana. Anatenga kachidutswa ka fupa la msana, makamaka mtsempha wa m'kati mwake, kwa mwana amene anamwalira ndi poliyo, nakabaya nako apusi. Apusiwo anadwala matenda omwewo. Umu ndi mmene zinadziwikira kuti poliyo imayamba ndi kachilombo kakang'ono kwambiri, kosaoneka ndi makina oonera tizilombo a nthawi imeneyo. Amene anadzapanga katemera wa poliyo patapita zaka zoposa makumi anayi anayambira pamenepa.

M'chaka cha 1916 a Landsteiner anakwatira Helene Wlasto, ndipo chaka chotsatira anabereka mwana wamwamuna, Ernst, amene naye anadzakhala dotolo. Nkhondo itatha m'chaka cha 1918, dziko la Austria linali litagonja. Mu Vienna munali njala, nkhuni ndi malasha zinkasowa, ndalama zinatha mphamvu. Ntchito yofufuza inaima chifukwa chosowa zipangizo. M'chaka cha 1919 a Landsteiner anatenga banja lawo, nasamukira ku The Hague, m'dziko la Holland. Kumeneko anapeza ntchito pa chipatala chaching'ono cha Akatolika. Munthu amene anatulukira magulu a magazi ankakhalira kuyesa mkodzo ndi magazi a odwala tsiku ndi tsiku, m'malo opanikizika. Komabe akapeza mpata ankapitiriza kufufuza kwawo.

Mwayi unabwera pamene bungwe lofufuza za matenda la Rockefeller Institute, ku New York, linawaitana. Anafika ku America m'chaka cha 1923, ali ndi zaka zoposa makumi asanu, ndipo anakhala kumeneko moyo wawo wonse. M'chaka cha 1927, iwo ndi Philip Levine anapeza zizindikiro zina pa maselo ofiira, zimene anazitcha M, N ndi P. M'chaka cha 1930 analandira mphoto ya Nobel, imene ndi ulemu waukulu koposa kwa munthu wofufuza za mankhwala. Panali patapita zaka 29 chilembere kankhani kawo kaja. Iwo anali munthu wofatsa, wosakonda kutchuka, ndipo chimene chinkawasangalatsa kunja kwa ntchito chinali kuimba piyano. Chodabwitsa n'chakuti eni akewo ankaona kuti ntchito yawo ina, yofufuza mmene thupi limazindikirira chinthu chachilendo, inali yaikulu kuposa ya magulu a magazi.

Ngakhale madotolo tsopano ankayesa magulu anayi aja mosamala, panali odwala ena owerengeka amene ankadwalabe atathiridwa magazi a gulu lawo lomwe. A Landsteiner, atakalamba kale, anagwirizana ndi dotolo wachinyamata, Alexander Wiener. Iwo anabaya akalulu ndi mbira magazi a mtundu wina wa pusi wa ku India wotchedwa rhesus. Kenaka anatenga madzi a m'magazi a nyamazo n'kuwasakaniza ndi maselo a anthu. Maselo a anthu ambiri anamatana, koma a ena ochepa sanamatane. Potero anapeza chizindikiro china, nachitcha Rh, kutengera dzina la pusiyo. Analengeza zimenezi m'chaka cha 1940. Munthu amene ali ndi chizindikirochi amatchedwa Rh positive, amene alibe ndi Rh negative. N'chifukwa chake gulu la magazi limalembedwa ndi kamtanda kapena kamzere patsogolo pake, monga A+, O+ kapena B−.

Chizindikiro cha Rh chinamasula chinsinsi china chimene chinkaliza mabanja. Panali amayi ena amene mwana wawo woyamba ankabadwa bwinobwino, koma ana otsatira ankabadwa achikasu ndi ochepa magazi, ena n'kufera m'mimba. Philip Levine anaonetsa kuti zimenezi zimachitika pamene mayi ali Rh negative koma mwana watengera Rh positive kwa bambo ake. Pobereka mwana woyamba, timagazi ta mwanayo timalowa m'thupi la mayi, ndipo thupilo limapanga asilikali olimbana ndi Rh. Asilikali amenewa ndiwo amadzaononga magazi a mwana wotsatira. Kuyambira m'chaka cha 1968 pali jekeseni amene mayi wotere amabayidwa kuti thupi lake lisapange asilikaliwo. Koma kuti abayidwe, ayenera kudziwika kaye kuti ndi Rh negative. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mayi woyembekezera ayenera kupitira ku sikelo msanga ndi kuyezetsa magazi.

Munthu amabadwa ndi gulu lake la magazi, ndipo chakudya, mankhwala kapena ukalamba sizilisintha. Amalitengera kwa makolo ake onse awiri. Komabe izi sizitanthauza kuti ana a mimba imodzi ali ndi gulu limodzi. Bambo wa gulu la A ndi mayi wa gulu la B angathe kubereka ana anayi, wina A, wina B, wina AB, wina O. Anthu ambiri amaganiza kuti magazi a mbale wawo ndiwo oyenera kwa wodwala nthawi zonse. Zoona zake n'zakuti magazi a mchimwene wake weniweni angathe kumupweteka wodwala, pamene magazi a mlendo wa mtundu wina, wochokera kutsidya la nyanja, angathe kumupulumutsa. Magulu anayiwa amapezeka m'mitundu ya anthu ya kumaiko onse, kungoti kuchuluka kwake kumasiyana.

Muno m'Malawi magazi amafunika tsiku lililonse. Amafunika kwa ana amene malungo awathera magazi, kwa amayi otaya magazi pobereka, ndi kwa anthu ovulala pa ngozi za pamsewu. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, limasonkhanitsa magazi kwa anthu opereka mwaufulu, limawayesa ngati alibe matenda, limalemba gulu lake pa thumba lililonse, kenaka limawatumiza m'zipatala. Gulu lofala kwambiri kuno ndi la O, ndipo anthu a Rh negative ndi ochepa zedi, kuchepa kuposa ku Ulaya. Munthu wa gulu losowa lotere akadwala, magazi ake savuta pang'ono kuwapeza. Ngati anthu a gululo akudzidziwa, achipatala amadziwa kothamangira. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita asanu. Popereka amachotsedwa osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha pakapita masabata angapo. Ana a msinkhu wanu saloledwa kupereka magazi, koma angathe kudziwa gulu lawo. Ngakhale wodwala atanena gulu lake, achipatala amayesabe magazi ake ndi a m'thumba asanamuthire, pakuti kulakwitsa pamenepa kungathe kutayitsa moyo.

A Landsteiner anapuma pa ntchito m'chaka cha 1939, koma kupumako kunali kwa dzina chabe. M'mawa uliwonse ankapitabe ku labotale. Pa 24 Juni m'chaka cha 1943 mtima unawagwira ali pa tebulo lawo logwirira ntchito, kachubu koyesera kali m'manja. Anawatengera ku chipatala, kumene anamwalira patapita masiku awiri, ali ndi zaka 75. Akazi awo, amene anali akudwala kale, anawatsatira chaka chomwecho. Onse awiri anaikidwa pa chilumba cha Nantucket, kumene banjalo linkakonda kukapumulira nyengo yotentha.

Dziko la Austria linaika nkhope yawo pa ndalama yake ya pepala ya 1,000 schilling, imene inagwira ntchito kuyambira m'chaka cha 1997 mpaka dzikolo litayamba kugwiritsa ntchito ndalama ya euro. Tsiku lawo lobadwa, 14 Juni, ndilo linasankhidwa kukhala tsiku lothokoza anthu opereka magazi pa dziko lonse lapansi. Kayesedwe ka gulu la magazi m'zipatala zambiri sikasiyana kwenikweni ndi kamene iwo anachita ndi anzawo asanu aja. Woyesa amadontheza timadontho ta magazi pa kagalasi. Pa dontho loyamba amathira mankhwala obiriwira ngati thambo, olimbana ndi A. Pa lachiwiri amathira achikasu, olimbana ndi B. Pa lachitatu amathira olimbana ndi Rh. Akatero amatakasa ndi kamtengo, nadikira mphindi zochepa kuti aone dontho limene lichite timibulu.